Switch 2 yatuluka, koma musanapemphe achimwene akugulireni tamvani izi

Anzanga nonse, ndikudziwa kuti ena mwa inu mwayamba kale kunyengerera abale anu a ku Johannesburg kuti pobwera akutengereni Nintendo Switch 2. Sindikuletsani ayi. Ndikungofuna mumve kaye zimene ogula a kunja akhala akudandaula, chifukwa iwo ali ndi kokabweza katundu akavuta, pamene ife tikagula tagula basi.

Makinawa anatuluka pa 5 June 2025, ndipo m'masiku anayi okha Nintendo inagulitsa oposa 3.5 miliyoni. Ndiye palibe anganene kuti anthu sanawafune. Koma phokoso linayamba pa 2 April, tsiku limene kampaniyi inalengeza mitengo. Ku America mtengo wake unali madola 449.99, pamene Switch yoyamba ija ya mu 2017 inali 299.99. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025 wa pafupifupi K1,750 pa dola, zimenezo zinali ndalama zoyandikira K790,000, musanaikepo zonyamulira ndi msonkho. Za mtengo wa dola wa pamsewu sindinena, mukuudziwa nokha.

Chimene chinawawa anthu kwambiri ndi mtengo wa magemu. Mario Kart World anaiika pa madola 79.99. Gemu imodzi! Pamene antchito a Nintendo ankaonetsa magemuwa pa YouTube, oonera anadzaza malo olembapo ndemanga ndi mawu amodzimodzi akuti atsitse mtengo. Ngakhale kagemu kongokuphunzitsa mmene makinawo amagwirira ntchito, kotchedwa Welcome Tour, anakaika kogulitsa pa madola 9.99. Zili ngati wogulitsa njinga akuuze kuti kukuonetsa pamene pali mabuleki ulipirenso padera.

Ku Japan anachita zina. Anatulutsa mtundu wotchipa wa mayeni 49,980, koma umenewo umangogwiritsa ntchito Chijapanizi ndi akaunti ya ku Japan. Wa zilankhulo zambiri unali mayeni 69,980. Ndiye wina akadzakuonetsani Switch 2 yatsopano yotchipa modabwitsa, yambani mwaona ngati ikusintha chilankhulo.

Tsopano nkhani imene ndikuona kuti ikutikhudza kuposa zonse ndi ya timakadi totchedwa Game-Key Card. Tinazolowera kuti ukagula gemu ya m'kabokosi, gemuyo ili m'kakadimo, ulowetsa, usewera. Pa Switch 2 magemu ambiri a makampani ena sali choncho. M'kabokosi mumapezeka kakadi ndithu, koma m'kakadimo mulibe gemu, muli kiyi yokha. Ukakalowetsa, makina amakuuza kuti utsitse gemu yonseyo pa intaneti, ndipo magemu akuluakulu amakhala a magigabayiti makumi angapo. Tangoganizani bandulo yake. Ganizaninso magetsi kuzima zitafika pakati. Kenako ukamaliza kutsitsa, kakadi kaja kamafunikabe kukhala m'makina nthawi iliyonse ukufuna kusewera.

Kunena chilungamo, kakadi kameneka ungathe kubwereketsa mnzako kapena kugulitsa, pamene gemu yogula pa intaneti sungaigulitse. Koma amene wabwerekayo nayenso atsitse yekha ndi bandulo yake. Ndipo funso limene anthu akufunsa ndi lakuti, tsiku limene Nintendo idzasiye kusunga magemuwa pa makompyuta ake, kakadi kaja kadzakhala ka ntchito yanji? Anatsekapo kale masitolo a pa intaneti a 3DS ndi Wii U mu March 2023, ndiye mantha amenewa sakuchokera m'mutu chabe. Sikuti magemu onse ali choncho: Mario Kart World ndi Cyberpunk 2077 ali athunthu m'kakadi. Amene ali a kiyi chabe amalemba kumunsi kwa kabokosi, kutsogolo. Muziwerenga pamenepo.

Za malo osungira magemu ndingodutsa mwachangu. Makinawa ali ndi 256GB, ndipo memori khadi ya mufoni mwanu simungaikemo magemu. Amafuna mtundu wina wodula wotchedwa microSD Express.

China ndi ichi. Mu May 2025 Nintendo inasintha mawu a mgwirizano aja amene tonse timangodina kuti tavomera osawerenga. Mu mgwirizano wa ku America analembamo kuti akaona kuti wasokoneza makina kapena ukugwiritsa ntchito magemu okopa, ali ndi mphamvu yochititsa kuti makinawo asagwirenso ntchito mpaka kalekale. Bungwe loteteza ogula la ku São Paulo ku Brazil, Procon-SP, linauza kampaniyi kuti mawu amenewa ndi opondereza wogula. Mwina mukuti, ine sindikopa magemu, zikundikhudza bwanji? Zikukukhudzani chifukwa chilango chotsekeredwa pa intaneti chimagwera makinawo, osati munthu yekha. Patangopita masabata ochepa chitulukireni, kunamveka kale za anthu amene anagula Switch 2 yogwiritsidwapo kale ntchito, n'kukapeza kunyumba kuti inatsekeredwa chifukwa cha zochita za mwini wake woyamba. Nanga makina ambiri amene amafika kuno si a kaunjika omwewo? Switch 2 yotsekeredwa singatsitse gemu, kutanthauza kuti timakadi ta kiyi tija sitingagwirenso ntchito pa iyo.

Anyamata amene munasewerapo Switch yoyamba mukukumbukira vuto la ma Joy-Con, kamtengo kowongolera kaja kamayenda kokha iwe usanakakhudze. Nintendo inanena kuti timitengo tatsopanoti inatipanga mwatsopano, koma inavomeranso kuti si ta mtundu wa maginito wotchedwa Hall effect umene anthu ambiri ankayembekezera. Kunja amatumiza ku kampani kuti akakonze. Kuno mukapita nayo kwa wokonza mafoni wa pamsika, iye akayese nzeru zake.

Maganizo anga ndi akuti ndalama za kalabu tisaziike pamenepa chaka chino. PlayStation 4 yogwiritsidwapo kale ndi mapadi awiri ingatikwanire pa mpikisano wathu wa mpira wa Loweruka. Koma amene wagamula kuti akugula yake, apemphe risiti ya kusitolo. Ngati ndi ya kaunjika, ailumikize pa intaneti pamaso pa wogulitsayo, atsegule eShop, aone kuti ikulowa, kenako ndiye atulutse ndalama. A Tcheya, ngati pali mafunso ndikhoza kuyankha panopa.