Maboti a ku Maputo ndi ngongole yomwe tidzabweze ife

Ena munapempha kuti zomwe ndinayankhula Loweruka ziikidwe m'kalata yathu, ndiye nazi, ndangochotsa nthabwala zina.

Ndiyambe ndi banki mkhonde, poti ambirife amayi athu ali m'menemo. Munthu akafuna ngongole amanena pamaso pa gulu lonse, mlembi amalemba m'buku, ndipo bokosi silitsegulidwa ndi munthu mmodzi. Nanga mutamva kuti msungichuma anakatenga ngongole kwa katapila usiku, m'dzina la gulu lonse, osauza aliyense? Zoterezi zinachitikira dziko lathunthu, oyandikana nafe a ku Mozambique, komwe ena a ife tili ndi abale ku Angonia ndi ku Tete.

Mu 2013 ndi 2014, makampani atatu a boma la Mozambique, Ematum, Proindicus ndi MAM, anabwereka ndalama pafupifupi madola 2 biliyoni kudzera ku mabanki a Credit Suisse ndi VTB. Amati ndalamazo n'zogulira maboti ophera nsomba za tuna, maboti olondera nyanja ndi malo okonzera maboti. Nduna ya zachuma pa nthawiyo, a Manuel Chang, anasainira kuti makampaniwo akalephera kubweza, boma lidzabweza. Apa mumvetse bwino. Kuimirira ngongole ya munthu ndiye kuti ngongoleyo ndi yako. Ndipo nyumba ya malamulo sinavomereze, ngakhale malamulo awo amafuna kutero. Ngongole ya Ematum inadziwika msanga, koma ziwiri zinazo zinabisidwa mpaka 2016.

Zitaululika, bungwe la IMF linaimitsa thandizo, mayiko omwe amathandiza bajeti nawo anatseka mpopi. Ndalama yawo ya metical inagwa. Dola imodzi yomwe mu 2014 imagulidwa ndi ma metical 30 ndi zina, pofika kumapeto kwa 2016 inadutsa 70. Ife sitifunika kuuzidwa kuti zimenezi zimamveka bwanji. Tinaziona mu November 2023 kwacha itagwetsedwa ndi 44 peresenti, shuga ndi mafuta ophikira zikusintha mtengo m'golosale pakati pa m'mawa ndi madzulo. Mayi wa ku Tete yemwe nyanja ya mchere sanaionepo, tuna sanailawepo, anayamba kulipira maboti aja kudzera pa mtengo wa sopo.

Maboti enieniwo? Ophera nsomba analipo 24, anapangidwa ku Cherbourg m'dziko la France, ndipo anangokhala pa doko la Maputo mpaka kuchita dzimbiri. Akatswiri a kampani ya Kroll atafufuza mu 2017, anapeza kuti madola 500 miliyoni sakudziwika komwe anapita.

Tsopano apa ndi pomwe ndikufuna tikhazikike pang'ono. Ntchito yonse inapatsidwa kwa kampani imodzi, Privinvest, ya mpondamatiki wina wochokera ku Lebanon dzina lake Iskandar Safa. Ndalama zangongolezo sizinadutse n'komwe ku thumba la boma, mabanki anazitumiza kwa kampaniyo. Kampaniyo inavomereza kuti inapereka ndalama kwa anthu ena akuluakulu komanso ku chipani cholamula cha Frelimo, koma inati sizinali ziphuphu, zina zinali za bizinesi, zina thandizo la kampeni. A Safa anamwalira mu January 2024 akukanabe mlandu. Mu July chaka chomwecho khoti la ku London linagamula kuti a Chang anapatsidwadi ziphuphu, ndipo linalamula kampaniyo kuti ilipire dziko la Mozambique madola opitirira 800 miliyoni. A Chang eni ake anagwidwa ku Johannesburg mu 2018, anakaweruzidwa ku New York, ndipo anapezeka olakwa mu August 2024. Mwana wa pulezidenti wakale, Ndambi Guebuza, anapatsidwa zaka 12 ku Maputo mu 2022.

Mawu oti "thandizo la kampeni" aja ndi omwe sandigonetsa tulo. Paja munthu wolemera chonchi savota kawiri. Voti yake ndi imodzi ngati yanga. Koma akagula magalimoto a chipani, nsalu, ma T-shirt ndi mafuta, amakhala wagula chinthu chomwe ine ndi inu tilibe, foni yake ikalira amayankha. Chisankho chikatha, ife timapita kunyumba kukadikira zaka zisanu, iye amapita ku ofesi kukakambirana kontrakiti. Ndipo kontrakiti yaikulu m'dziko losauka nthawi zambiri imalipiridwa ndi ngongole, chifukwa misonkho yokha siikwana. Wopereka ku chipani amabweza zake ndi phindu m'chaka chimodzi, ngongole ija n'kutsalira ife zaka khumi kapena makumi awiri.

Wina Loweruka anandifunsa kuti, ndiye ukuti boma lisamabwereke? Ayi, sindinatero. Msewu, magetsi, damu, izi palibe dziko lomwe limamanga ndi ndalama za m'thumba zokha. Ngakhale kubanki mkhonde kuja, wobwereka kuti agule feteleza timamuombera m'manja. Yemwe timamuda ndi uja wobwereka mobisa, ndi uja wobwereka kuti akadyere. Sindinanenenso kuti wolemera aliyense ndi wakuba, eti. Ndikunena kuti munthu akamapereka mamiliyoni ku chipani, tizidziwa dzina lake, kuti mawa akawina tenda tithe kuwerengera tokha.

Kuno kwathu ngongole ya boma yakula moti m'mabajeti a zaka zaposachedwazi chiwongola dzanja chokha chimadya ndalama zambiri kuposa zomwe zimapita ku zaumoyo. Ganizirani zimenezi mukadzauzidwa pa chipatala kuti mankhwala mukagule ku famase. Ndipo yambiri boma limabwereka konkuno, ku mabanki athu omwewa. Banki ikapeza kasitomala ngati boma, wolipira chiwongola dzanja chokwera, ingavutikirenji ndi mnyamata wa MSCE wofuna mpamba wa nkhuku? Enanu munayesapo, mukudziwa mmene anakuyang'anirani.

Chomwe chimandipweteka n'choti malamulo tili nawo. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna mavoti, ndipo limati chipani chiziulula anthu ndi makampani omwe achipatsa ndalama zambiri. Lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga ku boma linayamba kugwira ntchito mu 2020. Ngongole zakunja zimadutsa m'nyumba ya malamulo ngati mabilu, aphungu athu n'kumavomereza. Koma ndani pano anamufunsapo phungu wake kuti bwana, munavomereza ngongole zingati, za chiyani? Ife tikamuona timamufunsa za mpira ndi yunifolomu ya timu. Inenso ndilimo, musandiyang'ane choncho. Ndinalandirapo K2,000 pa msonkhano wina wa ndale, ndinagula bandulo ndi chipisi, tsiku silinathe ndalama itatha. Sindinafunse kuti yachokera kwa ndani.

Ku Mozambique, omwe anakakamira nkhaniyi anali mabungwe a anthu wamba. Anasonkhanitsa masiginecha, anapita ku khoti lawo loona za malamulo aakulu a dziko, ndipo mu 2019 linagamula kuti ngongole ya Ematum inali yosavomerezeka. Mu 2020 linateronso ndi ziwiri zinazo. Zinatenga zaka, ndipo mtengo wa sopo sunabwerere.

Ndiye pempho langa ndi lomwe lija. Tilembe kalata imodzi ya kalabu yonse kupita kwa phungu wa dera lathu, mwaulemu, yopanda za chipani, poti muno muli a zipani zonse. Timufunse ngongole zomwe nyumba ya malamulo yavomereza chaka chino, ndi ntchito yomwe iliyonse ikukagwira. Ina ipite ku ofesi ya mlembi wa zipani, kufunsa ngati zipani zinaulula omwe anazipatsa ndalama. Ine ndiyamba kulemba, Loweruka likubwerali ndibwera nazo kuti tikonzere limodzi. Amene ali ndi Chingerezi chabwino asajombe, changa chimatsimphina.