Pangano la ku Quebec ndi Pepala Limene Linasochera



Aliyense amene waphunzira kalembedwe ka mapangano a pakati pa mayiko ayenera kuidziwa nkhani ya pangano limene linasainidwa mumzinda wa Quebec ku Canada pa 19 Ogasiti 1943. Linali lalifupi, ndipo analisainira anthu awiri okha, Pulezidenti Franklin Roosevelt wa America ndi Nduna Yaikulu ya Britain, a Winston Churchill. Linkakamba za chinthu chimene panthawiyo chinali chisanapangidwe n'komwe, bomba la atomiki. Mayiko awiriwa anali pa ubwenzi wa ponda apa nane ndipondepo, asilikali awo akufera limodzi pa Nkhondo Yachiwiri ya Padziko Lonse. Komabe pasanathe zaka zitatu pangano lija linali litatha mphamvu, ndipo panapita zaka zina 12 kuti awiriwa apangane china chokhalitsa.

Poyamba amene anali patsogolo ndi Britain. Mu Malichi 1940, akatswiri awiri a sayansi amene anathawa ulamuliro wa Hitler, a Otto Frisch ndi a Rudolf Peierls, anawerengera ali pa yunivesite ya Birmingham n'kupeza kuti bomba lotere silikufuna matani a yureniyamu monga ambiri ankaganizira. Makilogalamu ochepa chabe a yureniyamu wa mtundu wa 235 anali okwanira. Komiti ya MAUD, imene boma linakhazikitsa kuti iunike nkhaniyi, inatsimikiza mu Julayi 1941 kuti bombalo likhoza kupangidwa nkhondo isanathe. Ntchitoyi inapatsidwa dzina lobisa la Tube Alloys, kuti womva aziyesa kuti ndi nkhani ya mapaipi achitsulo. Mu Okutobala chaka chomwecho a Roosevelt analembera a Churchill kalata yopempha kuti mayiko awiriwa agwirire ntchitoyi limodzi. A ku London anazengereza, poona kuti iwo ndi amene anali ndi zambiri m'manja.

Kuzengerezako kunawadya. America italowa nkhondo mu Disembala 1941 inathira ndalama zankhaninkhani pa ntchito yake, Manhattan Project, imene mkulu wake anali General Leslie Groves. Ntchitoyi inadzadya madola pafupifupi 2 biliyoni, ndipo pachimake pake inali ndi antchito pafupifupi 130,000. Mu Disembala 1942 a Enrico Fermi ndi anzawo anayatsa makina oyamba otulutsa mphamvu ya nyukiliya ku Chicago. Britain, imene mizinda yake inali itaphulitsidwa ndi ndege za Germany ndipo chuma chake chitathera kunkhondo, inalibe kothera kumanga mafakitale otere. Kumayambiriro kwa 1943 a ku America anayamba kuwabisira anzawowo zimene akupeza. Amene anapemphedwa dzana ndiwo tsopano ankagogoda pakhomo.

Ndi mmene a Churchill anafikira ku Quebec, ndipo pepala limene anasainira likuonetsa poyera kuti anali mbali yofooka. Mayiko awiriwa analonjezana kuti sadzagwiritsa ntchito chidachi polimbana okhaokha, sadzachiponya pa dziko lina popanda chilolezo cha mnzake, komanso sadzauza dziko lachitatu zinsinsi zake asanagwirizane. Mpaka apa onse anali ofanana. Koma mfundo yachinayi inati phindu lililonse la malonda ndi mafakitale limene lidzachokere ku mphamvu ya atomiki nkhondo ikadzatha, Britain idzaligawana ndi America potsata zimene Pulezidenti wa America adzanene. Uwu unali mtengo wolowera pakhomo, ndipo a Churchill anaulipira. Panakhazikitsidwanso komiti yoyendetsa mgwirizanowu, ya anthu asanu ndi mmodzi: atatu a America, awiri a Britain, mmodzi wa Canada. Canada, ngakhale inali mwini malo a msonkhano ndiponso inali ndi mgodi wa yureniyamu ku Port Radium, sinasaine nawo.

Pa nthawi ya nkhondo panganoli linagwira ntchito. A James Chadwick, amene anatulukira nyutironi, anatsogolera gulu la akatswiri a ku Britain kupita ku America, ndipo ena mwa iwo anakagwira ntchito ku Los Alamos kumene bombalo linapangidwira. Pa 4 Julayi 1945, pa msonkhano wa komiti ija ku Washington, nthumwi ya Britain inapereka chilolezo chakuti bomba liponyedwe ku Japan. Pa 6 Ogasiti linagwa pa Hiroshima, pa 9 Ogasiti lina pa Nagasaki. Pofika kumapeto a chaka chimenecho, ku Hiroshima kokha kunali kutafa anthu pafupifupi 140,000, ochuluka mwa iwo anthu wamba, ana a sukulu ndi amayi a pakhomo. Inu amene mudzalemba mapangano musaiwale kuti mzere umodzi wonena za chilolezo unali ndi miyoyo yochuluka chomwechi kumbuyo kwake.

Vuto la panganoli linali lakuti linali chinsinsi cha anthu ochepa. Nyumba ya malamulo ya America sinalione, ya Britain nayonso sinalione. Atsogoleri awiriwa anawonjezerapo chinsinsi china mu Sepitembala 1944, atakumana kunyumba kwa a Roosevelt ku Hyde Park m'boma la New York. Kumeneko analemba kapepala kena kolonjezana kuti mgwirizano wonse, wa zankhondo ndi wa zamalonda womwe, upitirira ngakhale Japan itagonja, pokhapokha onse awiri atavomerezana kuuthetsa. A Churchill anabwerera kwawo mtima uli m'malo. Koma kope la America linasochera. Amene ankasunga mapepala ataona mawu akuti Tube Alloys anayesa kuti ndi nkhani ya asilikali apamadzi, n'kuliika pamodzi ndi mapepala a mlangizi wa Pulezidenti pa za nkhondo yapamadzi. A Roosevelt anamwalira pa 12 Epulo 1945 asanauze anzawo ambiri za lonjezoli. Mu Julayi a Churchill anagonja pa chisankho, m'malo mwawo n'kulowa a Clement Attlee. A ku Britain atakumbutsa za pepala la ku Hyde Park, a ku Washington analifunafuna osalipeza. Anatumiziridwa chithunzi cha kope la ku London, koma General Groves anakayikira ngati linali lenileni. Kope la America linadzapezeka patapita zaka.

Anthu awiri amene anagwirana chanza anali atachoka, ndipo otsala sanadzione kuti ali ndi ngongole.

Mu Novembala 1945 Pulezidenti Harry Truman, a Attlee ndi Nduna Yaikulu ya Canada a Mackenzie King anakumana ku Washington n'kulonjezananso kugwirira ntchito limodzi. Patangopita miyezi yochepa a Truman anamasulira kuti lonjezolo silikukhudza kuthandiza Britain kumanga mafakitale ake. Kenako aphungu analowererapo. Pa 1 Ogasiti 1946 a Truman anasainira lamulo limene anabweretsa phungu wa nyumba ya Senate, a Brien McMahon, loletsa kuuza dziko lililonse zinsinsi za atomiki, bwenzi kapena mdani, ndipo chilango chake chinkatha kufika pa kuphedwa. Aphunguwo sanaswe pangano mwadala. Ambiri mwa iwo sankadziwa kuti lilipo. A Churchill atadzaulula Pangano la ku Quebec m'nyumba ya malamulo ya Britain mu Epulo 1954, anauza aphungu kuti a McMahon eni ake, atawerenga pepalalo, ananena kuti akanalidziwa lamulo lija silikanakhalapo.

Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Boma la a Attlee linaona kuti malonjezo a ku Quebec ndi Hyde Park anali apachala, ndipo mu Januwale 1947 kagulu kochepa ka nduna kanagamula kuti Britain ipange bomba lakelake, ntchitoyo n'kuipereka kwa a William Penney. Zinthu zinaipiraipira zisanakhale bwino. Aphungu ena amphamvu a ku America atamva mu 1947 kuti dziko lawo silingaponye bomba popanda chilolezo cha London anakwiya kwambiri, ndipo mu Januwale 1948 Britain inasiya ufulu umenewo, n'kuvomeranso kuti America itenge miyala ya yureniyamu yochokera ku Congo ya zaka ziwiri, posinthana ndi nzeru zochepa chabe. Mu 1949 Soviet Union inaphulitsa bomba lake, ndipo mu 1950 zinadziwika kuti Klaus Fuchs, mmodzi mwa akatswiri amene Britain inatumiza ku Los Alamos, anali kazitape wa Moscow. Chikhulupiriro chimene chinatsala chinathera pomwepo.

Chimene chinatsegulanso chitseko sichinali kukumbutsana za ubwenzi wakale. Britain inayesa bomba lake pa zilumba za Monte Bello ku Australia pa 3 Okutobala 1952. Mu 1956 inatsegula Calder Hall, malo opangira magetsi ndi mphamvu ya nyukiliya. Mu Novembala 1957 inaphulitsa bomba la haidrojeni pa chilumba cha Christmas m'nyanja ya Pacific, patangotha mwezi umodzi Soviet Union itaulutsa setilaiti ya Sputnik, imene inadzidzimutsa America yonse. Apa Britain inali ndi chobweretsa pagome, ndipo America inali ndi chifukwa chofunira mnzake. Pulezidenti Dwight Eisenhower ndi Nduna Yaikulu a Harold Macmillan anatsata njira ina yosiyana ndi ya a Roosevelt ndi a Churchill. Anayamba ndi aphungu. Nyumba ya malamulo ya America inasintha lamulo kuti lilole kugawana zinsinsi ndi dziko limene lapita kale patali pa ntchitoyi, ndipo pa 3 Julayi 1958 pangano latsopano linasainidwa ku Washington. Linaikidwa pamaso pa aphungu lisanayambe kugwira ntchito, ndipo mawu ake anasindikizidwa. Kudzera m'pangano limeneli, sitima yoyamba ya Britain yoyenda pansi pa madzi ndi mphamvu ya nyukiliya, HMS Dreadnought, inalandira makina ake kuchokera ku America. Atsogoleri asinthana kambirimbiri mbali zonse ziwiri, koma panganoli lakhala likuwonjezeredwa nthawi, ndipo mu 2024 anachotsamo tsiku lothera.

Munthu akhoza kudana ndi zida za nyukiliya, ndipo pali zifukwa zomveka zodanira nazo, koma n'kuonabe kusiyana kwa mapangano awiriwa. La 1943 linkadalira moyo ndi mpando wa anthu awiri. La 1958 linamanga maboma ndi nyumba zawo za malamulo.

Pali anthu ena amene sanaitanidwe ku Quebec, ku Hyde Park ngakhale ku Washington. Yureniyamu wambiri amene anagwiritsidwa ntchito pa Manhattan Project anachokera ku mgodi wa Shinkolobwe pafupi ndi Likasi ku Katanga, dera la Congo loyandikana ndi Zambia. Miyala yake inali yonona kuposa ya kwina kulikonse. Mu 1940 mkulu wa kampani ya Union Minière, a Edgar Sengier, anatumiza matani pafupifupi 1,200 ku Staten Island mumzinda wa New York poopa kuti angagwe m'manja mwa Germany, ndipo asilikali a America anagula miyalayo mu 1942. Mu 1944 America ndi Britain anakhazikitsa bungwe la Combined Development Trust logula yureniyamu, n'kupangana ndi boma la Belgium, limene linkalamulira Congo, za miyala ya ku Shinkolobwe. Anthu a ku Congo amene ankaikumba ndi kuinyamula sanafunsidwe kanthu, ndipo zimene anapanganazo zinali zachinsinsi.

Nkhaniyi yafika pakhomo pathu chifukwa Malawi nayo ili ndi yureniyamu. Dziko lino linalowa m'bungwe loona za mphamvu ya atomiki padziko lonse la IAEA mu 2006, ndipo linakhazikitsa lamulo lake la za atomiki mu 2011. Mgodi wa Kayelekera m'boma la Karonga unatsegulidwa mu 2009, unaima mu 2014 mitengo itagwa pambuyo pa ngozi ya ku Fukushima, ndipo unayambanso ntchito mu 2025. Pangano loyamba la mgodiwu, la mu 2007, linapatsa boma magawo 15 pa 100 alionse a umwini, n'kutsitsa msonkho wa miyala yokumbidwa kuchoka pa 5 peresenti kufika pa 1.5 m'zaka zoyambirira. Kwa nthawi yaitali mabungwe omwe si aboma ndi anthu a ku Karonga anadandaula kuti sanaonetsedwe zimene zinalembedwamo, ndipo kukayikirana kumene kunabadwa apo kunatenga zaka.

Choncho pempho kwa inu achinyamata amene mukukonzekera kuimira dziko pa zokambirana ndi mayiko ena ndi ili. Tsiku lina mudzakhala pagome ndi nthumwi za mayiko amene ali ndi ndalama ndi akatswiri kuposa ife, mukukambirana za yureniyamu, za makina ochizira khansa kapena za magetsi a nyukiliya. Musanapereke cholembera kwa nduna, dzifunseni kuti panganolo lidzamanga ndani osainawo akadzachoka pa mipando. Onetsetsani kuti kope lake lasungidwa pamalo odziwika, lapita ku Nyumba ya Malamulo, ndipo ngati likukhudza nthaka ya anthu, lakawerengedwa kwa eni nthakawo m'chilankhulo chawo, kaya ndi Chinkhonde, Chitumbuka kapena Chichewa.