Mawu a Mlendo Wolemekezeka pa Chionetsero cha Luso la Pakhomo ku Minda ya Tiyi ya ku Thyolo

Wapampando wa mwambo uno, Gogo Chalo pamodzi ndi mafumu onse amene mwawaperekeza, akuluakulu oyendetsa esiteti, akapitawo, alangizi a zaulimi, a zankhalango ndi a zaumoyo, atsogoleri a mipingo ndi mizikiti, aphunzitsi ndi ana asukulu, amayi ndi abambo othyola tiyi, alimi a tiyi a m'midzi yozungulira, ndikudziwa kuti ambiri mwa inu mwafika pano mutatula kumene dengu kusikelo, msana ukadali wowawa, choncho ndiyesetsa kuti dzuwa lisatilowere tili pano.

Ndiyambe ndi chinthu chimene tonse tikuchiona. Tembenukani muyang'ane phiri la Thyolo. Agogo amene mwakhala kutsogoloku mukukumbukira nkhalango imene inali pamenepo, yoti munthu akalowamo masana ankaona ngati kwada. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ndi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, nkhalango ija inatha pafupifupi yonse, ndipo minda ya chimanga inakwera mpaka pamwamba. Kuli kambalame kena kamene akatswiri anakatcha Thyolo alethe, kopezeka m'mapiri ochepa okha a kuno ku Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique. Lero kuno kwawo kakubisala m'kachigawo ka nkhalango kotsalira m'dera la esiteti ya Satemwa, imene inayamba mu 1923. Alendo amachokera kutali kudzakafuna, pamene ana athu obadwira pano sanakaonepo.

Sindinabwere kudzaloza chala munthu aliyense. Amene anakwera phiri ndi nkhwangwa sanali amisala. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 700,000, ndipo tonse tikudziwa kuti gawo lalikulu la nthaka yabwino lili pansi pa tiyi, makadamiya ndi bulugama kuchokera nthawi ya atsamunda, nthawi ya thangata ija makolo athu ankaikamba mogwetsa nkhope. Banja la ana asanu likulima kamunda kosakwana ekala. Mayi wa pabanja limenelo ukamuuza kuti asadule mtengo, funso lake ndi limodzi: nanga nsima ya madzulo ano ndiphikira chiyani? Ngati tilibe yankho la funso limenelo, misonkhano yathu ya zachilengedwe ndi yongotaya nthawi. Chimene chandisangalatsa lero n'chakuti yankho ndalipeza pamatebulo anuwa, ndipo mwalikonza ndi manja anu.

Chifukwa chake sitingachedwe ndi nkhani ya mitengoyi tinachiona mu Marichi 2023. Namondwe wa Freddy atafika, mapiri opanda mitengo anakhuthula matope ndi miyala pa anthu ku Soche ndi Chilobwe mu Blantyre, ku Mulanje, ku Phalombe, ku Chiradzulu, ndipo ife kuno sitinatsale. Anthu oposa chikwi anamwalira kapena kusowa. Mu 2022 tinali titangoona namondwe wa Ana, ndipo mu 2019 kunali Idai. Sindikufuna kutsegula mabala, koma aliyense pano akudziwa nyumba imene inagwa ndi munda umene unakokoloka.

Tsopano tibwere kukhitchini, chifukwa nkhani ya phiri ija imayambira pamafuwa. Moto wa pamafuwa atatu umadya nkhuni zambiri pachabe: malawi amatuluka mbali zonse, mphepo imawauluza, mphika umalandira pang'ono chabe. Poyendera chionetserochi ndaima nthawi yaitali pa mayi wina amene amaphika pa chitetezo mbaula. Anangosonkhezera timitengo titatu ta nandolo ndi zisononkho ziwiri, madzi a nsima n'kuwira ine ndisanamalize kufunsa mafunso anga. Pafupi naye pali gulu limene lamanga mbaula ya njerwa zosawotcha, yomata ndi dothi la pachulu losakaniza ndi mchenga, ya malo awiri, poti nsima ndi ndiwo zipsere limodzi. Anzathu a ku Nkhata Bay ali ndi yofanana nayo imene amaitcha Changu Changu Moto, ndipo banja limamanga lokha osagula kanthu. Funsani kwa amene amanga kuno akuuzeni msinkhu wa khomo la nkhuni ndi mpata wa pakati pa moto ndi mphika, pakuti luso lonse lagona pamenepo. Mpata ukakula, moto umathawa. Ukachepa, utsi umakubwererani m'maso.

Boma linadziikira cholinga choti pofika 2020 m'dziko muno mukhale mbaula zosunga nkhuni zokwana 2 miliyoni, ndipo mabungwe ambiri anagawa mbaula m'midzi. Koma tiyeni tinene zoona. Tikayenda m'makomo, mbaula zina zolandira zija tizipeza kuseri kwa nyumba, nkhuku ikuikiramo mazira. Inang'aluka pang'ono, mwini wake n'kubwerera kumafuwa kudikira kuti a bungwe abweretse ina. Mbaula imene munthu waumba yekha saitaya chotero. Ikang'aluka amadziwa kumene anakumba dothi, amakanda lina n'kumata, mawa akuphikanso. N'chifukwa chake ine ndikuika mtima pa chionetsero chonga chino kuposa pa galimoto yobwera ndi katundu wogawa.

Amayi othyola tiyi, chinthu china ndachiona chili ngati anapangira inu. Ndi dengu wamba, loyalidwa mkati ndi masamba ouma a nthochi ndi nsanza zochapa bwino, lokhala ndi kapilo kovindikira pamwamba. Nyemba mwaziviika usiku, m'mamawa mwaziwiritsa kwambiri kwa theka la ola, kenako mphika uli chivindikirire mwaulowetsa m'dengumo n'kutseka. Inu mwapita kumunda. Pobwerako nyemba zapsa, zikadali zofunda, ndipo nkhuni zimene zikanayaka maola atatu zili pamulu pomwepo. Mwana amene mukanamusiya kuti azisonkhezera moto wapita kusukulu.

Nanga nkhunizo zichokere kuti? Thyolo ndi kwawo kwa nandolo. Timadya, timagulitsa, masamba ake amabwezera chonde m'nthaka, ndipo mitengo yake ikauma ndi nkhuni zokwanira mbaula zimenezi. Onjezerani mzere wa gilisidiya m'malire a munda ndi phata limodzi la nsungwi kumunsi kwake. Gilisidiya mumadulira chaka ndi chaka, amaphukanso. Nsungwi mupezapo madengu, thandala, khola la nkhunda ndi mpanda.

Za nthaka ndinena mwachidule chifukwa alangizi ali pano ndipo akudziwa kuposa ine. Mtengo wa feteleza mukuudziwa nokha. Manyowa a Mbeya, osakaniza ndowe za ziweto, gaga, phulusa, madzi pang'ono ndi feteleza wochepa, n'kumanga m'thumba losalowa mpweya kwa masabata atatu, amachititsa kuti thumba limodzi la feteleza libale matumba angapo. Phulusa lake ndi lomwe lija la m'mbaula. Koma manyowa pamunda wotsetsereka wopanda akalozera ndi mphatso kwa mtsinje wa Nsuwadzi. Mitengo itatu, chingwe ndi mwala zimakwana kupanga chida choyezera akalozera, ndipo pamzere uliwonse mubzalepo vetiva. Onani mmene tiyi amagwirira nthaka pamapiri otsetsereka a esiteti, kenako muyerekeze ndi ngalande zimene zang'amba minda yathu kutsidya kwa msewu.

Nthochi ndiye nkhani yowawa. Kale munthu ukatchula Thyolo, Thekerani kapena Masambanjati, anthu a m'tauni ankaganiza za nthochi. Matenda a chisaka, amene amafalitsidwa ndi nsabwe za nthochi komanso mbewu yodwala, anapululutsa minda mpaka misika yathu inayamba kudalira nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique. Mbewu yopanda matenda ilipo tsopano, ndipo alangizi akuuzani koitenga. Kumbani dzenje kumene madzi a kubafa amathera, mubzalepo phata limodzi kapena awiri. Madzi amene ankapanga chithaphwi cha udzudzu adzasanduka mkoko wa nthochi. Chachikulu n'chakuti phata lodwala lizulidwe lonse, ngakhale likhale la apongozi, chifukwa mukalisiya lidwalitsa mudzi wonse.

Ndaonanso mpondagiya, thandala loyanikapo mbale ndi chivindikiro cha pachimbudzi. Ena amaziona ngati zazing'ono. Koma kolera amene anabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Kachigubu, chingwe ndi timitengo tinayi si zinthu zoti munthu akatengere ngongole kubanki mkhonde.

Za majumbo, lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala osakwana ma micron 60 linakhazikitsidwa mu 2015, ndipo khoti lalikulu la apilo linagwirizana nalo mu 2019, koma majumbo akadali mbwee m'ngalande zathu. Amayi, ndikupempheni chinthu chimodzi: lekani kukolezera moto ndi jumbo. Utsi wake ndi woipa, ndipo amene amaupuma kwambiri ndi mwana ali kumsanayo. Mapepala a shuga ndi a mchere, mwaona pano, akusanduka machubu ofesera mitengo. Matumba akale akusokedwa kukhala zikwama zopita nazo kumsika wa Bvumbwe kapena Luchenza.

Ana asukulu, tebulo lanu landiseketsa komanso landiganizitsa. Pali galimoto ya mawaya yokhala ndi chiwongolero chokhota bwinobwino, pali nyale yopangidwa ndi mabatire akale ndi botolo. Makolo, mwana akamatola mawaya ndi zitsekerero musamuthamangitse kuti akudzaza nyumba ndi zinyalala. William Kamkwamba wa ku Kasungu anali ndi zaka 14 pamene anamanga makina amphepo opangira magetsi pogwiritsa ntchito mitengo ya bulugama, zitsulo za njinga ndi zotayidwa zina. Ndipo inu muli ndi mwayi umene iye analibe: yunivesite ya sayansi ndi luso ya MUST, imene inatsegulidwa mu 2014, ili ku Ndata, m'boma lanu lomwe lino.

Tsopano ndifike pa nkhani imene ndabwerera, ndipo Gogo Chalo mundikhululukire ngati ndiponda pamene sipayenera. Poyendera matebulowa ndawerenga nkhope. Ambiri ndi amayi ndi ana. Abambo anzanga, tili kuti? Ndikudziwa chimene ena a ife timanena tikakhala pabawo. Kuno ndi kuchikamwini. Munthu amati, ndibzale mbawa kapena mapeyala pamudzi pa eni ake, mawa banja likatha ndinyamuka ndi kachikwama kokha, mitengoyo adyerere ena? Maganizo amenewa alipo, ndipo asiya makomo ambiri ali mbee. Koma taganizani bwino. Enawo ndani? Pamudzi pamene mukupatcha pa eni ake ndi pamene ana anu adzakhale moyo wawo wonse. Peyala limene mwakana kubzala mwamana mwana wanu wamkazi ndi zidzukulu zanu. Ndipo inu eni mbumba, amalume, lekani kumukumbutsa mkamwini tsiku ndi tsiku kuti ndi wobwera. Munthu amene mukumuuza kuti ndi mlendo musadabwe akamakhala ngati mlendo. Mafumu, nkhani iyi ndi ya pabwalo panu. Mukhoza kugamula poyera kuti mtengo umene bambo wabzala ndi wa iye ndi ana ake, ndipo palibe wodula kapena kugulitsa popanda iwo kudziwa.

Vuto lomweli lili m'makomboni a esiteti, mwina kuposa kumudzi. Wantchito amakhala m'nyumba ya kampani, ena kwa miyezi ya dzinja yokha pamene tiyi wachuluka, ndipo sadziwa ngati chaka chamawa adzakhala momwemo. Munthu wotere angamange bwanji mbaula yokhazikika, angabzale bwanji mtengo wazipatso? Akuluakulu a esiteti, pempho langa kwa inu lili patatu, ndipo silidya ndalama zambiri. Nenani momveka, kudzera mwa akapitawo, kuti wokhala m'nyumba ya kampani ali ndi chilolezo chomanga mbaula, thandala ndi kadimba ka masamba kuseri kwa nyumba. Pamene mukufesa bulugama wa kufakitale, onjezerani mabedi a mitengo yazipatso ndi ya nkhuni yoti mabanja a m'makomboni ndi midzi yoyandikana nayo azitenga. Ndipo nthambi zotsala podula bulugama zikhale ndi tsiku lodziwika loti anthu azitola mwadongosolo, m'malo moti mayi azithamangitsana ndi mlonda chifukwa cha mtolo umodzi. Madzi amene amathirira nazale zanu ndi kuyendetsa mafakitale anu amachokera m'mapiri omwewa, ndiye pa phindu lake simuli kunja.

Kwa inu okhala m'makomboni ndinene kuti mbaula imene mudzaisiye posamuka adzaphikirapo mnzanu wothyola tiyi ngati inu nomwe, ndipo kumene mukupitako luso mwanyamula. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha.

Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo. Chaka chilichonse timamva chiwerengero cha mitengo yobzalidwa, koma ya moyo pofika Okutobala sitiimva, chifukwa mbuzi, moto ndi chiswe zimakhala zitagawana. A komiti ya chionetserochi, chaka chamawa mphoto yaikulu isapite kwa amene wabzala yambiri. Ipite kwa banja limene oweruza akafika pakhomo m'chilimwe apeza mitengo yake ili yotchingira, yothiriridwa, ndipo mbaula yake ili yakuda ndi mwaye posonyeza kuti ikugwira ntchito. Oweruzawo muwasankhe mwa anthu a m'midzi ndi m'makomboni momwemo, amene sanganamizidwe ndi mbaula yobwereka kwa aneba.

Wapampando, gulu la mbaula landiuza kuti dothi lakandidwa kale ndipo akufuna anthu khumi oti amange nawo imodzi kuyambira pansi, pompano, tisanabalalike. Ndapempha kuti asanu mwa iwo akhale abambo, ndipo ine ndivula jekete kuti ndikhale woyamba. Ndi mawu amenewa, ndikulengeza kuti chionetsero chino chatsegulidwa.