Kope la Mnzanga Wosoka Makatani

(Mawu amene mayi wina wosoka, yemwe kale ankagwira ntchito ya m'nyumba, analankhula pa msonkhano wa antchito a m'nyumba ndi a m'mafamu mu mzinda wa Johannesburg m'chaka cha 2025.)

 Ndikudziwa kuti kwa ambiri a inu Lamulungu ndilo tsiku lokhalo lopuma, ndipo ena mwakwera matakisi awiri kapena atatu kuti mufike pano. Choncho ndiyesetsa kuti ndalama yanu ya ulendo isapite pachabe.

Andipempha kuti ndilankhule za moyo wodziimira pawekha, moyo umene munthu sadikira kuti bwana amuuze nthawi yodzuka ndi nthawi yoweruka. Tonsefe timaulota moyo umenewu. Ndinagwira ntchito ya m'nyumba zaka 11, ndipo pa zaka zonsezo sindinakumanepo ndi mnzanga amene ankati adzakalambira m'khitchini ya mwini wake. Aliyense ankati, "Ndikadzangopeza mpamba, ndidzayamba yanga." Mawu amenewa nanenso ndinawanena kwa nthawi yaitali, ndipo lero ndabwera kudzawatsutsa pang'ono.

Agogo anga aamuna anali ndi mpamba. Anapita ku migodi pa Wenela, ndipo anabwerera kumudzi ku Ntcheu boma la Kamuzu Banda litaletsa kulemba anthu a ku migodi, ndege itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha anthu oposa 70. Anabwera ndi njinga, wailesi ndi makina osokera a Singer. Kusoka ankakudziwa, pakuti anaphunzira kwa mnzawo kukomboni. Anakhala pakhonde la sitolo zaka zingapo, akusokera abale, azilamu, akumpingo, onse akulonjeza kuti alipira akagulitsa fodya. Chaka china cha njala makina aja anasinthidwa ndi matumba a chimanga. Agogo anaphunzira kupota makina, koma panalibe amene anawaphunzitsa kuika mtengo ndi kukana ngongole.

Ine mdzukulu wawo ndinagwa m'mbuna yomweyo. Ndinkaonera pa Facebook mayi wina amene ankajambulitsa zithunzi ali m'golosale yodzaza mpaka kudenga, ndipo ndinati mumtima, ngati iye watha, ine chingandikanike n'chiyani? Ndinasunga R18,000, ndinatumiza kwa achimwene anga kuti atsegule okala pamsewu. Patatha miyezi 8 m'mashelefu munatsala machesi ndi mchere. Achimwene sanabe ayi, ndisawanamizire. Kunagwa maliro kawiri, anthu anatenga shuga ndi sopo pangongole, mwana anadwala, ndipo ndalama ya okala ndi ndalama ya pakhomo zinkakhala m'thumba limodzi. Cholakwa chinali changa. Ndinatengera chitsanzo kwa munthu amene sindinkamudziwa, amene sindikanatha kumufunsa kuti sitolo ija anaiyamba ndi ndalama zingati, anazitenga kuti, ndipo usiku amagona tulo kapena ayi. Chithunzi sichiyankha funso.

Amene anandiphunzitsa ndinakumana nawo kutchalitchi. Anali mayi wa ku Zimbabwe, wobadwira pa famu ya fodya, koma makolo awo anachokera kwathu, choncho Chichewa ankachilankhula, ngakhale chinali chosakaniza ndi Chishona. Ndinkawatchula kuti achemwali. Nawonso anagwirapo ntchito ya m'nyumba, nawonso anali ndi ana kumudzi odikira fizi, nawonso ankachita lendi kachipinda kakuseri kwa nyumba ya munthu. Kusiyana kwathu kunali kwakuti iwo ankagwira ntchito kwa abwana masiku awiri okha pa sabata, masiku otsalawo ankasoka makatani ndi kukonza zovala. Sanali olemera. Koma mwana wawo atadwala anakwera basi tsiku lomwelo osapempha chilolezo kwa munthu, ndipo zimenezo zinandikhudza kuposa golosale ya pa Facebook.

Sindinawapemphe kuti andiphunzitse. Ndinawapempha kuti Loweruka masana ndizibwera kudzawathandiza kusita ndi kupinda nsalu, popanda malipiro. Ndikunena zimenezi chifukwa ena a ife timafika kwa mnzathu ndi funso lakuti, "Katunduyu mumapikula kuti?" tsiku loyamba lomwelo, ndiye akatibisira timati ndi wanjiru. Munthu amene wavutika zaka kuti apeze makasitomala ake ali ndi chifukwa chochitira mantha. Ine ndinasita miyezi itatu asanandionetse kope lawo.

Kopelo linali la ana asukulu, lakuda ndi manja. Tsamba lililonse linali ndi ntchito imodzi: nsalu mamita angati, ulusi, tepi, ndalama ya takisi popita kukagula nsalu ku Fordsburg ndi pobwera, magetsi. Pansi pake panali mzere umene sindinaumvetse, wolembedwa kuti "ine". Nditafunsa anandiyang'ana n'kunena kuti, "Inu mng'ono wanga, abwana anu ola limodzi amakulipirani zingati? Nanga inuyo mukadzilemba ntchito, mudzidzilipira zochepera pamenepo?"

Tiyeni tiwerengere limodzi, ndi mitengo ya chaka cha 2025. Kuyambira pa 1 Marichi 2025, malipiro otsikitsitsa amene lamulo la South Africa linkalola anali R28.79 pa ola. Wantchito wa pa famu anafikitsidwa pa mlingo wofanana ndi antchito ena onse mu 2021, wa m'nyumba mu 2022. Tsono ngati makatani a chipinda chimodzi akunditengera maola 6, kuphatikizapo kukayeza mawindo ndi kukapachika, thukuta langa lokha ndi R173. Ndikachotsa nsalu, ulusi ndi ulendo n'kutsala ndi R120, ndiye kuti sindinapindule. Ndagwira ntchito kwa bwana wankhanza kuposa amene ndikufuna kumuthawa, ndipo bwana ameneyo ndine ndemwe. Ambiri amene amagulitsa mandasi, tomato kapena zovala za kaunjika amaona ndalama zikulowa madzulo n'kumati bizinesi ikuyenda. Sawerengera kuti anadzuka 3 koloko m'mawa. Achemwali aja anasiya kusoka mayunifolomu asukulu chifukwa kope linawaonetsa kuti sangapikisane ndi masitolo akuluakulu. Anatsala ndi makatani ndi kukonza zovala, ntchito zimene zimafuna kuti munthu afike pakhomo ndi tepi yoyezera, zimene sitolo singachite.

Chachiwiri chimene anandiphunzitsa ndi kachokedwe. Ine ndinkafuna kungowauza abwana Lachisanu kuti Lolemba sindibwera. Iwo anandiletsa. Ndipo pano ndikupemphani mutchere khutu, pakuti ndi nkhani ya ndalama zanu. Wantchito wa m'nyumba amene amagwira maola oposa 24 pa mwezi ayenera kulembetsedwa ku UIF, kumene iye amapereka 1 peresenti ya malipiro ake ndipo bwana amaonjezera 1 peresenti. Koma mukasiya ntchito mwa kufuna kwanu, ndalama ya ulova ya UIF simulandira. Imaperekedwa kwa amene wachotsedwa kapena amene kontirakiti yake yatha. Mukachotsedwa chifukwa abwana akusamuka kapena sangathenso kukulipirani, lamulo limati akupatseni malipiro a sabata imodzi pa chaka chilichonse chathunthu chimene mwagwira. Mukasiya nokha, zimenezo palibe, koma masiku a tchuthi amene simunapume ayenera kukulipiranibe, ndiponso akupatseni kalata yosonyeza zaka zimene mwagwira. Ndipo amene wagwira kupitirira miyezi 6, kaya m'nyumba kaya pa famu, amapereka notisi ya masabata anayi. Ine sindinasiye. Ndinapempha kuti masiku anga atsike kuchoka pa asanu kufika pa atatu, ndipo patapita chaka anatsika kufika pa awiri. Lendi inkachokera ku malipiro, makatani ankakula pang'onopang'ono popanda njala kuwathamangitsa. Makasitomala anga oyamba anali anzawo a abwana omwewo. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Makina ndinagula ndi ndalama ya chipereganyu, chimene kuno amati stokvel. Tinali amayi 6, aliyense R500 pa mwezi, tonse odziwana nyumba. Ya mwezi wanga R3,000 ndinaiphatikiza ndi yosunga n'kugula makina ogwiritsidwapo kale ntchito. Za magulu a pa WhatsApp amene amati lowani ndi R200, mubweretse anthu awiri, mudzalandira R1,000, sinditaya nthawi. Amene munali kuno kapena ku Zimbabwe mu 2016 mukukumbukira mmene MMM inathera. Munthu amene amadya chifukwa chakuti inu mwalowa si mnzanu pa ulendowu, ngakhale atalankhula chinenero cha kwanu.

Abale a m'mafamu, mwina mukuti mayiyu akunena za m'tauni, ife mphesa za ku De Doorns zikatha mu Epulo timangokhala. Ndikuuzeni za bambo wina amene ndimapemphera naye, wa ku Dedza. Anagwira zaka zambiri m'minda ya malalanje ku Limpopo. Ankagona nyumba imodzi ndi mnyamata wa ku Angónia, ku Mozambique, kumene kumachokera kachewere wambiri amene timagula pa Lizulu. Mnyamatayo ankagwira pa nazale ya famuyo, ndipo madzulo ankamuonetsa kumezanitsa mitengo ndi kampeni, pa nthambi zotayidwa. Anamuuzanso mmene makolo ake amachitira kwawo: sabzala tomato nthawi imene mudzi wonse wabzala, amalimbana ndi tomato wa dzinja, wovuta matenda koma wokwera mtengo. Bamboyo lero ali kwawo, amagulitsa mbande za mango ndi malalanje zomezanitsa, ndipo kuno amangobwera nyengo yokolola akafuna ndalama yoonjezera. Luso limenelo analipeza pa famu imene inkamulipira zochepa. Inunso mumagwira mapaipi a mthirira wodontheza, mumadziwa kuthena mitengo, mumadziwa kusankha ndi kulongedza zipatso za msika wa kunja. Mwiniwake wa famu sadzakuuzani kuti zimenezi ndi chuma. Angakuuzeni ndi mnzanu amene wayamba kale kuzidyerera.

Tsopano ndinene chimene ena amachilambalala, nkhani ya mapepala. Mphunzitsi amene ali ndi chitupa cha dziko lino angakuuzeni zoona zokhazokha, koma zoona zake zosakugwirani inu. Viza ya bizinesi ya South Africa imafuna kuti munthu abweretse R5 miliyoni, ndalama imene palibe m'chipinda muno anaionapo. Mu Novembala 2024, ana atamwalira chifukwa cha zakudya zokhala ndi poizoni, Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula kuti ma spaza onse alembetsedwe ku khonsolo, ndipo mlendo wopanda mapepala oyenera sakanatha kulembetsa. Tikukumbukiranso 2008, 2015 ndi 2019, pamene timasitolo ta alendo tinali toyamba kuphwanyidwa. Ndiye musanaike ndalama yanu yonse m'katundu woonekera pamsewu, funsani munthu amene mapepala ake ndi ofanana ndi anu kuti iye wachita bwanji, ndipo funsaninso ku maofesi othandiza alendo pa za malamulo kuti chitupa chanu chimakulolani kuchita chiyani. Kwa ena yankho lidzakhala lakuti malipiro muzipezera kuno koma maziko muzimanga kumudzi.

Kumudzi nakonso kuli misampha yake. Mu Novembala 2023 kwacha ya Malawi inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Mnzanga wina anali atasunga ndalama ya chigayo ku akaunti ya kumudzi kwa zaka zitatu, ndipo anangoona mtengo wa chigayo ukumuthawa. Wina, amene anali atamva malangizo a mzimayi wochita malonda odutsa malire, ankagula chinthu chimodzichimodzi ndalama ikangokwana: lero malata, mawa mota, mkuja simenti. Nzeru imeneyo sanaiwerenge m'buku. Anaimva m'basi, pa mzere wa pa Beitbridge, kwa munthu amene kwacha inamuwotchapo kale mu 2022.

Mukampeza munthu wotere, musamufunse kuti amapeza zingati, chifukwa adzakunamizani kapena adzakwiya. Mufunseni kuti ndi mwezi uti umene anatsala pang'ono kusiya, ndipo chinachitika n'chiyani. Mufunseni amawayankha bwanji amalume akafuna katundu pangongole, pakuti ambirife chimatigwetsa ndi chimenecho, osati msika. Achemwali aja yankho lawo linali lakuti mwezi uliwonse ankapatula kandalama ka abale, kakatha katha, ndipo ankati, "Nsaluyi si yanga, ndi ya kasitomala." Sikunali kunama. Ndipo inunso mupite ndi kanthu m'manja. Ine ndinkadziwa kuwerengera mamita a nsalu pa foni mofulumira kuposa iwo, ndinkadziwanso nyumba za m'dera limene iwo sankafikako. Patapita zaka ziwiri ndi iwo amene ankanditumizira makasitomala akachulukidwa, inenso chimodzimodzi.

Sindikufuna muchoke pano mukuganiza kuti ndinafika. Ndilibe tchuthi cholipidwa. Ndikadwala, makina amangokhala. Wantchito wa m'nyumba akavulala pa ntchito lero ali ndi ufulu wolandira chipukuta misozi, kuchokera pamene Khoti la Malamulo Aakulu linagamula mlandu wa Mahlangu mu Novembala 2020, koma ine singano ikandiboola chala ndilibe kokadandaula. Januwale ndi Febuluwale anthu amakhala atathera ndalama ku Khirisimasi ndi ku fizi, makatani sawakumbukira. Zimenezinso achemwali anandiuziratu, n'chifukwa chake tsiku limodzi pa sabata ndimakachapabe kwa agogo ena achizungu amene ndinawazolowera.

Achemwali aja anabwerera ku Zimbabwe chaka chatha, maso atayamba kuwavuta. Kope lawo anapita nalo. Langa ndabwera nalo, ndi ili, ndipo ndilisiya pa tebulopa mpaka tiyi atatha. Mayina a makasitomala ndawamata ndi pepala. Amene mukufuna kuliona, tsegulani pamene ndapinda tsamba: ndi ntchito ya makatani a nyumba yonse imene ndinayeza molakwa, n'kugulanso nsalu ndi ndalama yanga ya lendi. Yambirani pamenepo, mafunso ndiyankha tili pomwepo.