WAYA WA MAGETSI AMENE AMALANKHULA

 Madzulo ano ndifuna kukamba nanu za magetsi, ndi za anthu ophunzira amene akuphunzitsa waya kulankhula.

Poyamba taganizani za madzi amene mumaponyamo makoka anu. Madzi omwewo akatuluka m'nyanja pa Mangochi amatsika ndi Shire, napyola Malombe, nafika pa chitseko cha pa Liwonde chimene chinamangidwa mu 1965. Kumunsi amatembenuza makina a ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Tsono madzi a m'nyanja akatsika, monga mu 2016 ndi 2017, magetsi amachepa. Mtsinje ukakalipa amachepanso: mu Januwale 2022 namondwe Ana anaononga ku Kapichira, dziko nilitaya mamegawati pafupifupi 130. Chotsatira chake muchidziwa kuposa ine. Madzi oundana amasowa, ndipo chambo chimene munagwira m'mamawa mumachigulitsa motaya dzuwa lisanapendeke.

Kuvuta kwa magetsi ndi uku: sasungika m'waya monga chimanga m'nkhokwe. Amene akupangidwa mphindi ino ayenera kulingana ndi amene anthu akuyatsa mphindi yomweyi. Kale injiniya anali ngati wakhungu. Waya ukaduka kutali, ankadikira kuti wina amuimbire lamya. Lero pa waya amaikapo timakina toyeza, timene timatumiza mau ku kompyuta usana ndi usiku, kunena kuti kwakuti kwathima, kwakuti katundu wachuluka. Makonzedwe amenewa pa Chingerezi amati smart grid. Pakati pa 2013 ndi 2018, ndi thandizo la Boma la America, a ESCOM analandira makina otere m'nyumba yao yoyang'anira magetsi ku Blantyre, ndipo waya waukulu unamangidwa kuchokera ku Phombeya m'boma la Balaka kufika ku Nkhoma.

Ena a inu mumadutsa pa Golomoti popita ku Dedza. Kumeneko kuyambira mu 2022 kuli munda wa magalasi okoka mphamvu ya dzuwa, wa mamegawati 20, pamodzi ndi mabatire akuluakulu. Mtambo ukaphimba dzuwa palibe munthu wothamangira kukatsegula batire. Kompyuta ndiyo imaona, nichita zimenezo inu musanaphethire.

Koma nkhani imene ndiikonda ine ndi ya mudzi wa Mthembanji, m'boma lomwelo la Dedza, kumene waya wa ESCOM unali usanafike. Mu Julaye 2020 akatswiri a sukulu yaukachenjede ya Strathclyde ku Scotland, pamodzi ndi bungwe la United Purpose, anamangako magetsi a dzuwa a mudzi wokhawo, a makilowati 12, okwanira nyumba ndi masitolo pafupifupi 60. Mmodzi wa otsogolera kafukufuku wake anali Aran Eales. Pa nyumba iliyonse anaikapo mita yodziwa kuwerenga ndi kutumiza mau pa lamya ya m'manja. Munthu amalipiriratu, mita niimutsegulira. Ndipo katswiri, ngakhale ali ku Glasgow, ankatha kuona nthawi imene mudzi ukuyatsa kwambiri ndi mmene batire likuthera.

Kodi phindu la kuwerenga konseku nchiyani? Munthu wofufuza samanga chinthu nkungochoka ai. Amalemba zimene wapeza, zabwino ndi zolakwika zomwe, kuti anzake a m'maiko ena aziwerenge, azitsutse kapena amangirepo. Kusukulu zaukachenjede ulemu wa munthu amauyeza ndi kuchuluka kwa anzake amene atchula zolemba zake. Muyeso umenewu si woipa, koma kwa ine ndi wopereweza, pakuti suwerenga nyali. Za ku Mthembanji zinaonetsa kuti anthu a m'mudzi amalipira ndithu magetsi akakhala odalirika, chinthu chimene ambiri a m'tauni ankakayika, ndipo mu 2022 magetsi achiwiri otere anamangidwa pa Kudembe.

Tsono ndili ndi pempho kwa inu a kunyanja. Nthawi zina m'midzi mwanu mumafika anyamata ndi atsikana a sukulu zapamwamba, makope ali m'manja, nakufunsani kuti muli ndi nyali zingati, mumagona nthawi yanji, mungagule firiji kapena ai. Ena amakuza mayankho poyesa kuti alandira kanthu. Ena amachepetsa poopa msonkho. Musatero. Kukula kwa batire ndi mtengo umene mudzalipire zimachokera pa mayankho amenewo. Ngati mumasunga nsomba, nenani kuti ndi madengu angati, ndi miyezi imene zimachuluka. Mfumu ikaitana msonkhano wa nkhaniyi, amai ogulitsa nsomba asatsalire kudooko, pakuti ndiwo adziwa mtengo wa madzi oundana.