SITIMA YA M'MALOKESHONI: ZIMENE ZINACHITIKA KU LUSAKA

Munthu wa ku Monkey Bay, kumene akuluakulu amakutchabe Lusumbwe, akamva mawu oti sitima maso ake amathamangira kunyanja. Nzosadabwitsa. Ilala inabwera kuchokera ku Scotland ili zidutswazidutswa, amisiri anailumikiza padooko la pamenepa, ndipo inayamba kuyenda m'chaka cha 1951. Kwa zaka zambiri sitima za panyanja zinali m'manja mwa kampani ya Nyasaland Railways, imene pambuyo pake inatchedwa Malawi Railways, kotero kuti amuna ambiri a ku Monkey Bay anakalamba akulandira malipiro a kampani ya njanji, chonsecho njanji siinafikepo kwaoko. Pamene njanji imakomana ndi nyanja ndi pa Chipoka, m'boma la Salima.

Koma ulipo mtundu wina wa sitima, umene sunayendepo m'dziko la Malawi. Imeneyi ndi sitima ya m'tauni. Siinyamula fodya, malasha kapena feteleza, ndiponso siipita kutali. Ntchito yake ndi kutenga anthu m'malokeshoni m'mawa, kukawatula kuntchito, kumsika ndi kusukulu, ndi kuwabwezanso madzulo. Mabogi ake ndi opepuka, awiri kapena atatu basi. Kawirikawiri imayendera magetsi amene imakoka kuwaya womangidwa pamwamba pa njanji, ndipo imaima pafupipafupi kuti munthu asayende mtunda wautali kuchokera kunyumba kwake. Popeza gudumu la chitsulo limatsetsereka mosavuta pa njanji ya chitsulo, mphamvu yochepa imakoka anthu ambiri. Woyendetsa mmodzi amanyamula anthu amene akanadzaza maminibasi oposa khumi.

Agogo ena a ku Mangochi, amene anapita ku Joni kale, anaziona sitima zotere ndi maso awo. M'misewu ya Johannesburg munali timasitima totchedwa tram, timene poyamba tinkakokedwa ndi akavalo ndipo kuyambira mu 1906 tinkayendera magetsi. Tinaleka kuyenda mu 1961, pamene akuluakulu a mzindawo anaona ngati mabasi ndi magalimoto ndiwo adzakwanitsa zonse. Mizinda yambiri ya ku Ulaya ndi ku America inachita chimodzimodzi zaka zimenezo, ndipo ina, itaona misewu yadzaza, inayalanso njanji m'malo omwe inazula.

Chitsanzo chapafupi ndi Malawi chili ku Lusaka, mzinda umene ambiri mwa anthu ake amalankhula Chinyanja. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ulamuliro wa Dr. Kenneth Kaunda uli pafupi kutha, boma la Zambia linatsegula sitima yonyamula anthu a m'makomboni, monga mmene a kumeneko amatchulira malokeshoni. Dzina lake silinavute kupeza: anangoitcha Njanji Commuter. Inkanyamuka ku Chilenje, kummwera chakummawa kwa mzinda, ndi kudutsa pafupi ndi pakati pa tauni mpaka kukafika ku George, kufupi ndi Matero. Siinali ya magetsi ayi. Inali sitima wamba ya dizilo. Komabe cholinga chake chinali chomwecho cha sitima ya m'tauni, ndipo amene anajambula njira yake anaganiza bwino, pakuti anailunjikitsa kumene kumagona anthu a ntchito, osati kumene kumakhala eni magalimoto.

Sitimayo siinakwanitse ngakhale zaka khumi. Zaka za m'ma 1990 zisanathe inali itaima. Nyengo yomweyo boma la a Frederick Chiluba linali litatsegula khomo kuti aliyense wofuna alowe m'bizinesi yonyamula anthu. Kampani ya mabasi ya boma, United Bus Company of Zambia, inatsekedwa, ndipo maminibasi anadzaza m'misewu ya Lusaka.

Kuima kwa sitima sikunali kutaya kwakukulu, pakuti sitima imagulidwa ina. Kutaya kwenikweni kunadza pang'onopang'ono m'zaka zotsatira. Anthu ataona kuti njanji yangokhala, osakhulupirika anayamba kuzula zitsulo ndi kukagulitsa. Ena anamanga tizisakasa ta malonda m'mbali mwake. Kenaka panabwera maziko a njerwa, mipanda ndi nyumba zogona, mpaka malo ena njira ija inatsekeratu. Boma linayesa kuitana makampani kuti aitsitsimutse, koma aliyense wobwera ankapeza funso limodzi likumdikira: nanga mabanja amene akukhala pa njirayo apita kuti, ndipo adzawalipira ndani? Ambiri mwa mabanjawo sanali akuba. Anali anthu osowa pogona, ndipo mosakayika ena anachita kugula malowo kwa munthu amene analibe ufulu wowagulitsa. Mlandu waukulu uli pa iwo amene anali ndi udindo wolondera kamzere ka nthaka kameneko, nakasiya osakayang'ana.

M'tauni, chinthu chodula kwambiri pomanga njanji sichikhala chitsulo nthawi zonse. Ndi njira yeniyeniyo, yowongoka ndi yosadukiza, yochokera kumalokeshoni kukafika pakati pa mzinda. Nyumba imodzi yokha ikakhala pakati, njanji yonse siigwira ntchito.

Ku Ethiopia, kumpoto chakummawa kwa Africa, zinthu zinayenda mwa mtundu wina. Mzinda wa Addis Ababa unatsegula sitima ya magetsi ya m'tauni m'mwezi wa September 2015. Inamangidwa ndi kampani ya ku China pa mtengo wa madola 475 miliyoni, ambiri mwa iwo a ngongole yochokera ku banki ya Exim ya dziko lomwelo. Ili ndi njira ziwiri, ina yochokera kumpoto kupita kummwera, ina kummawa kupita kumadzulo, ndi masiteshoni 39. Anthu anaikondwerera, popeza mtengo wokwerera unali wotsika. Koma pasanathe zaka khumi, theka kapena kuposerapo la sitima 41 zimene zinagulidwa linali litaima chifukwa chosowa zipangizo zosinthira, ndipo okwera ankadikira nthawi yaitali ndi kupanikizana m'zotsalazo. Ndalama za matikiti sizinkakwana kukonzera sitima ndi kubweza ngongole. Zimenezi sizachilendo: pafupifupi kulikonse pa dziko lapansi sitima ya m'tauni imadalira thandizo la boma chaka ndi chaka, ndipo boma lofuna kudula riboni liyenera kudziwa kuti lasaina ngongole yosatha ya girisi, mawaya ndi malipiro a amisiri.

Tsono msodzi wa ku Msaka kapena mlimi wa ku Nankumba angafunse kuti zonsezi zikumkhudza bwanji. Kunena zoona, Monkey Bay safuna sitima yotere, ngakhalenso tauni ya Mangochi, imene pa kalembera wa 2018 inali ndi anthu opitirira pang'ono 53,000. Njanji imafuna anthu ochuluka oyenda njira imodzi pa ola limodzi, ndipo ku Mangochi ntchito imeneyo akabaza ndi maminibasi akuikwanitsa. Koma ana a msodzi uja ali ku Ndirande, ku Bangwe, ku Kawale ndi ku Area 25. Kalembera yemweyo anapeza anthu oposa 800,000 mumzinda wa Blantyre ndi pafupifupi 990,000 mu Lilongwe. Amene amadzuka mbandakucha m'mizinda imeneyi amaona mizere ya anthu oyenda pansi kupita kuntchito, osati chifukwa chokonda kuyenda, koma chifukwa ndalama ya minibasi kupita ndi kubwera ingadye gawo lalikulu la malipiro a tsikulo. Mafuta akasowa, monga zinachitikira mu 2022 ndi zaka zotsatira, mtengo umakwera tsiku lomwelo. Ndalama imene mwana akanatumiza kumudzi imathera m'manja mwa kondakitala.

Sitima ya magetsi ikanachepetsa vuto limenelo, popeza mafuta amagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, pamene magetsi ambiri a dziko lino amapangidwa pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndi madzi a nyanja yomweyi amene amatuluka ndi mtsinje wa Shire pa Mangochi. Komabe pamenepanso mpofunika kudziletsa polankhula. Mu January 2022 namondwe wa Ana anaononga damu la Kapichira, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130, ndipo kuzima kwa magetsi kunasautsa anthu kwa miyezi yambiri. Sitima yoima pakati pa njira ndi anthu mazana chifukwa magetsi azima siingakhalitse ndi okwera.

Nchifukwa chake chimene chingachitike msanga m'Malawi sichofanana ndi cha ku Addis Ababa, koma ndi cha ku Lusaka chija. Njanji ilipo kale m'mizinda yonse iwiri. Inafika ku Blantyre mu 1908, ndipo imadutsa pa Limbe, pa siteshoni ya Blantyre ndi ku Chirimba popita kumpoto. Ku Lilongwe inafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1970, kudzera ku Kanengo kulowera ku Mchinji. Kuyambira mu 1999 njanjizi zinaperekedwa kwa kampani yosakhala ya boma, imene phindu lake lalikulu lili pa katundu, kotero sitima ya anthu a m'malokeshoni ingayende pokhapokha boma, makhonsolo a mizinda ndi kampaniyo atagwirizana za nthawi, masiteshoni ndi wolipira. Mwina zimenezo zidzatenga zaka khumi, mwina makumi awiri. M'zaka zonsezo anthu adzapitiriza kubwera m'tauni kudzafuna malo, ena a iwo ochokera ku Mangochi komwe, ndipo malo oyera amene adzayambe kuwaona ndi a m'mbali mwa njanji.