Khutba ya Lachisanu: Tisamubisire Dokotala za Uchidakwa

Kuyamikidwa konse nkwa Allah, madalitso ndi mtendere zikhale kwa Mtumiki Muhammad (SAW).

Abale ndi alongo m'Chisilamu, tonse tikudziwa kuti ndime 90 ya Surah Al-Maidah inaletsa zoledzeretsa. Komabe m'makomo mwathu muli ana amene chamba ndi kachasu zawamanga, ndipo tikapita nawo kuchipatala timabisa chifukwa cha manyazi.

Dokotala amayeza kukula kwa vutoli pofunsa ndi kuona zizindikiro zimene wodwalayo ali nazo, ndipo amazilemba m'buku lake la kuchipatala. Ndondomeko ya madokotala yotchedwa DSM-5, ya chaka cha 2013, imatchula zizindikiro 11, monga kulephera kusiya, kumangoonjezera mlingo ndi kunjenjemera munthu akapanda kumwa. Zizindikiro 2 kapena 3 ndi vuto laling'ono, 4 kapena 5 lapakati, 6 kapena kuposerapo lalikulu.

Tikabisa, bukulo limasowa choonadi, ndipo chithandizo chimaperewera. Amene wamwa kwambiri nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi, ngakhale m'mwezi wa Ramadan, angathe kugwa ngati wakhunyu mwinanso kumwalira. Ayenera kusiya moyang'aniridwa ndi achipatala.

Choncho tiwauze madokotala zoona, ndipo bukulo tilisunge ngati amana, osaulula chinsinsi cha m'bale. Tauba ndi mankhwala ziyendere limodzi.

Allah atichizire ana athu. Ameen.